Usakasakanize Zigoba

Al Barsha, Dubai

Mwana wanga Yankho,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino kumeneko, iwe, bambo ako ndi mlongo wako Tadala. Ine ndilipo. Madamu amene ndimawagwirira ntchito ndi amuna awo anatenga ana n'kupita kwawo kukapuma, athawa kutentha kwa miyezi ino. Andisiya ndi mphaka komanso maluwa a pakhonde oti ndizithirira. Nyumba yonseyi ili zii, chimene chikumveka ndi makina oziziritsa mpweya okha. Panopa ndi masana, ndakhala patebulo lodyera, limene masiku onse ndimangolipukuta osakhalapo, ndipo ndikukulembera. Ndikamaliza ndijambula mapepalawa ndi foni n'kukutumizira. Ukawerenge uli m'basi mawa, chifukwa ulendo wa ku Malambo, kuchigwa kuja ku Zambia, ndi wautali ndipo nthawi ukhala nayo.

Dzulo pafoni nditangoyamba kulankhula unaseka, n'kunena kuti, "Amayi, mwayambanso." Kenako mawu anayamba kudukaduka, ine n'kumangoti halo, halo, ndekhandekha m'khitchini. Zimene ndinkafuna kunena sizikwanira pafoni. Komanso ndikaona nkhope yako pakagalasi kameneka ndimaiwala zonse, ndimangofunsa ngati wadya.

Mawa ukunyamuka kukayamba ntchito kukampu ya alenje komwe ine ndi bambo ako tinadziwanirana. Mphwawo wa malemu a Sakala, amene akuyendetsa kampuyo tsopano, anakuuza kuti chaka choyamba uzikakhala kwambiri m'chipinda cha mfuti, kupukuta mfuti ndi kudzaza zipolopolo, ndipo kutchire uzikapita mwa apo ndi apo. Ndinamva m'mawu ako kuti sunakondwe nazo. Iwe ukufuna kukalondola mapazi a nyama ngati bambo ako, ndipo ntchito ya patebulo ukuiona ngati ya munthu wotsalira. Yankho, ntchito imeneyo ndinaigwira ine kwa zaka zingapo, kuyambira usanabadwe mpaka uli kumsana. Bambo ako sadzakuuza za chipinda chimenecho, za ku Malambo sakamba n'komwe. Ndiye zatsalira ine.

Ndinapita kukampu kuja ndili mtsikana, kukachapa zofunda za alendo. A Sakala anali mlenje wamkulu, munthu wamtali, wosapupuluma, koma maso awo anali atayamba kufooka pa zinthu zapafupi. Nyama yakutali ankaiona bwinobwino, koma timizere ta pasikelo tinkawavuta. Tsiku lina anandipeza ndikusankha mpunga kuseri kwa khitchini. Anaima n'kumayang'ana, kenako anati, "Iwe Nabanda, ukamaliza usambe m'manja, ubwere kuchipinda cha mfuti." Ndinachita mantha, ndinkayesa kuti pasowa chinthu.

Nditalowa anandikhazika pampando n'kuyala zinthu zinayi patebulo. Panali chigoba cha mkuwa, chimene chimatsala mfuti ikalira. Panali kapulayima, kachitsulo kakang'ono kozungulira kokhala kumatako kwa chigoba, kamene kamayatsa wonga. Panali wongawo, ndiponso mutu, umene umauluka kukalasa nyama. Anati, "Chipolopolo ndi zinthu zinayi izi basi. Zakusitolo n'zosowa, mpaka munthu apite ku Lusaka, ndiye timadzaza tokha. Koma ukasintha chimodzi mwa zinayizi, wapanga chipolopolo china, ngakhale maso ako akuuze kuti n'chomwechi." Ndinayankha kuti ndamva. Kunena zoona ndinangomva ndi makutu. Kumvetsa kwake kunabwera pang'onopang'ono, ndipo kwina kunabwera mowawa.

Ndiyambe ndi wonga. M'mwezi wanga woyamba tinadzaza zipolopolo za mfuti yaing'ono m'mawa, masana n'kuyamba za mfuti yaikulu ya njati. Wonga wa mfuti ziwirizi ndi wosiyana, wina umayaka mofulumira, wina mochedwerapo, koma ukauika m'mbale wonse ndi timibulu totuwa. Zitini zonse ziwiri zinali patebulo. Poweruka ndinatenga wonga wotsala m'kambale n'kubwezera m'chitini, ndipo nditatseka m'pamene ndinayamba kukayika. Sindinadziwe ngati ndinabwezera m'chitini chake. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi, kenako ndinakawauza a Sakala. Sanandikalipire. Anafunsa kuti, "Ukutsimikiza kuti walakwitsa?" Ndinati, "Ayi, sindikudziwa." Iwo anati, "Ndiye chitini chonsechi chatha ntchito." Chinali chikadali ndi wonga wambiri, ndipo china chinali choti chidzabwere patsogolo kwambiri. Anachinyamula okha kukachiwononga kutali ndi kampu. Pobwera anachotsa chinzakecho patebulo n'kuchitsekera m'kabati. Kuyambira tsiku limenelo patebulo pankakhala chitini chimodzi chokha. Iwenso uzikatero, mwana wanga. Ndipo ukakayikira chinthu, ukanene. Usakadikire kuti uyambe watsimikiza kuti walakwa, kukayika komweko n'kokwanira.

Muyeso wa wonga si wongoganizira. Uli m'buku la opanga wongawo, ndipo mwini kampu akakuonetsa wa mfuti iliyonse. Sindikulembera manambala muno. Ndinawaiwala, ndipo ngakhale ndikanawakumbukira, anali a wonga wa nthawi imeneyo, osati wa lero. Chimene ndikukuuza n'choti chigoba chilichonse chiziyezeredwa chake pasikelo, osapungula, osawonjezera. Ukakumana ndi anthu okuuza kuti ukathira wochulukirapo pang'ono mfuti imamenya mwamphamvu. Uziwamvera mwaulemu, koma dzanja lako lisasunthe. Ndipo chitini chikatha n'kutsegula chatsopano, ngakhale dzina ndi mtundu wa chitini zikhale zomwezo, usachikhulupirire chisanayesedwe. Mudzaze zipolopolo zochepa, mupite nazo pachandamale, muone pamene zikugwera. Kapulayima nakonso n'chimodzimodzi. N'kakang'ono, koma ukasintha kampani yake moto umayaka mwina.

Za mitu ya zipolopolo ndinaphunzira pa ngoma, nyama ija ya nyanga zopotana. Chaka china mitu imene tinkagwiritsa ntchito inasowa, ndipo galimoto yochokera m'tauni inabweretsa ya kampani ina. Kulemera kwake kunali kofanana, pasikelo sinkasiyana ndi yakale. Mlendo anali atafika kale, munthu wachangu, ndipo kunalibe amene anafuna kumuuza kuti adikire mpaka mawa. Tinadzaza, iwo n'kunyamuka m'mawa mwake osadutsa pachandamale. Anapeza ngoma yamphongo itaima bwino pamtetete. Mlendoyo anatchera bwino, a Sakala anaona okha, koma chipolopolo chinagwera pansi pa pamene analoza, n'kuthyola mwendo wakutsogolo. Ngomayo inathawa ndi miyendo itatu. Bambo ako anailondola tsiku lonselo, mawa lake n'kubwereranso. Pamene ankaipeza, afisi anali atayamba kale kuidya, ndipo malinga ndi mmene dothi linalili pamalopo, anayamba ikadali moyo. Madzulo amenewo ndinawatengera chakudya, nthawi imeneyo tinali tikungofunsirana, koma sanachikhudze. Anangoti, "Nabanda, nyama ija inalira." Bambo ako ankagwira ntchito yakupha nyama, koma nyama yovulala ankaimvera chisoni kuposa wina aliyense amene ndinamuonapo. Titayesa mitu yatsopanoyo pachandamale, yonse inkagwera pansi chimodzimodzi. Kukanakhala kuyesa m'mawa umodzi wokha, ngoma ija ikanafa pomwepo osavutika. Ukakhala patebulo lija uzikumbukira kuti kutsogolo kwa ntchito yako kuli nyama imene iyenera kufa msanga, ndi munthu amene akailondole ikapanda kufa.

Ukamadzaza, uzikhala wekha kapena ndi munthu wosalankhula. Ine ndinali ndi mnzanga wophika, wokonda nkhani, amene ankabwera kudzaima pazenera. Tsiku lina ankandiuza za ukwati wa mng'ono wake, ine n'kumaseka uku manja akugwira ntchito. Mwamwayi a Sakala anali atandizoloweza kuti ndisanaike mitu ndiziunika ndi tochi m'chigoba chilichonse, mzere ndi mzere. Nditaunika ndinapeza chimodzi chilibe wonga. Chipolopolo chotere chimaoneka ngati chinzake, koma chikaombedwa mutu umangosuntha pang'ono n'kukakamira mumpope wa mfuti, ndipo chotsatira chikabwera mfuti imaphulikira mwini wake kumaso. Ndinamupempha mnzangayo kuti azibwera ndikaweruka. Anakwiya masiku angapo, kenako zinatha. Masiku ano mnzako wa pazenera ndi foni. Uziisiya kunja kwa chipinda, ngakhale woimbayo ndikhale ine. Ndidzaimbanso.

Dzanja likazolowera silisiya. Kuno ndikamaphika keke ndimayeza ufa pasikelo, ndikapitirira pang'ono ndimatapa ndi kasupuni mpaka ukwane ndendende. Madamu amandiseka, amati, "Yalla, yalla, fulumira, ndi keke chabe." Ine ndimasekanso. Sindinawauzepo kumene ndinaphunzira kuyeza chonchi. M'dziko lino nkhani za mfuti si zokamba wamba, komanso palibe amene anandifunsapo kuti ndisanabwere kuno ndinkachita chiyani. Kwa iwo moyo wanga unayambira pabwalo la ndege.

Tsopano ndikuuze za mwendo wa bambo ako. Iwe umadziwa kuti inali njati, chifukwa ndi zimene tinkakuuza uli mwana. N'zoona inali njati, koma nkhaniyo inayambira patebulo.

Chaka chimenecho kunabwera mlendo wachikulire, munthu wabwino mtima, amene ankapatsa moni aliyense mpaka ife ochapa. Mfuti yake inali ya msinkhu umodzi ndi yaikulu ya a Sakala, yolowa zipolopolo zofanana. Pochoka anasiya thumba la zigoba zimene anaomba, ndi zina zimene anabwera nazo, n'kunena kuti kwawo alibe nazo ntchito. Tonse tinakondwa, chifukwa zigoba zathu zinali zitakalamba, zina zitayamba kung'aluka kukamwa. Zatsopanozo zinali zowala, zolowa bwino mumfuti, kutalika kwake chimodzimodzi. Kusiyana kunali pa timalemba ta kumatako kokha, tosonyeza kampani imene inazipanga. Tinaziona, koma panalibe amene anaganiza kuti timalemba tingakhale nkhani. Tinazitsukira m'beseni limodzi ndi zakale, n'kuzidzaza ndi muyeso womwe uja wa masiku onse. A Sakala anatengako zingapo n'kukayesa pachandamale m'mawa kukuzizira, ndipo zonse zinalira bwino. Tinaziika m'bokosi limodzi.

Unali mwezi wa Okutobala. Ukaona wekha mmene ku Malambo kumatenthera mwezi umenewo, mpaka mbalame zimakhala kukamwa yasa pansi pa mitengo. Kunabwera mlendo wina, ameneyu analasa njati pamimba, ndipo inalowa m'tsekera wowirira m'mbali mwa mtsinje wouma. Njati yovulala sisiyidwa, chifukwa ikakumana ndi mayi wotunga madzi imamupha. Ndiye anaitsatira. Bambo ako anali patsogolo, maso pansi kuyang'ana magazi, a Sakala pambuyo pawo ndi mfuti yaikulu, ndipo kumbuyo kwenikweni kunali mlonda wa nyama wa boma amene ankayenda nawo. Dzuwa linali paliwombo, mfuti itatentha moti chitsulo chake sichinkagwirika.

Njatiyo inadzuka pafupi kwambiri. Bambo ako anadumphira kumbali monga mwa chizolowezi, kuti apereke mpata. A Sakala anaomba, n'kuilasa pachifuwa, koma njati sigwa ndi chipolopolo chimodzi ikakhala itakwiya. Anagwira chitsulo chokokera kuti atulutse chigoba n'kulowetsa chipolopolo chachiwiri. Chitsulocho chinakana. Anachimenya ndi chikhatho mpaka khungu linang'ambika, osatheka. Njati inawasiya iwo n'kutembenukira kwa bambo ako. Pamene mlonda uja ankapeza poombera, inali itawanyamula kale ndi nyanga n'kuwaponya, kenako n'kuwapondereza pansi ndi mutu.

Ine ndinali kukampu ndikuyanika nsalu za pabedi, iwe uli kumsana. Ndinamva galimoto ikuliza hutala kuchokera kutali, osalekeza, ndipo ndinadziwa kuti kwagwa zovuta, chifukwa kutchire galimoto siliza hutala. Bambo ako anali atawagoneka kumbuyo pa matumba. Ntchafu inali yotseguka, chiuno chitapindika mosakhala bwino. Ndinakwera momwemo ndi iwe. Msewu wopita kuchipatala cha mishoni unali wa mabampu, ndipo galimoto ikagunda dzenje ankaluma malaya a a Sakala kuti asakuwe. Panjira anatsegula maso n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Mwanayo mutembenuzireni uko, asaone."

Patapita masiku, a Sakala anabwera kuchipatala, dzanja lili m'bandeji. Tinakhala pakhonde la wodi, bambo ako ali pabedi pafupi ndi zenera. Anatulutsa zigoba ziwiri m'thumba la malaya. China chinali chakale, china chinali chimene anachita kugogoda ndi ndodo yachitsulo kuti chituluke mumfuti. Chinali cha mlendo wachikulire uja. Anati anaziika pasikelo, ndipo chatsopanocho chinali cholemerapo. Mkuwa wake unali wochindikala, ndiye malo a m'kati anali ochepa. Wonga womwe uja ukapanikizika m'malo ochepa umakankha mwamphamvu kuposa muyeso, ndipo kukatentha umakankha koposa. M'mawa kukuzizira zinapirira. Padzuwa la masana chigobacho chinafufuma n'kugwira mumfuti. A Sakala ankalankhula akuyang'ana pansi. Anati, "Ndine ndinazilandira." Ine ndinati, "Ndine ndinazitsukira pamodzi." Bambo ako anayankhira pazenera kuti, "Inandigunda ndi njati. Zisiyeni zimenezo." Kuyambira pamenepo sanaikambenso nkhaniyi, ngakhale kwa ine.

Uone, Yankho, panalibe munthu woledzera, panalibe waulesi, panalibe wa mtima woipa. A Sakala anali munthu wosamala kuposa onse amene ndinagwirapo nawo ntchito, ndipo mlendo uja ankangofuna kutithandiza. N'chifukwa chake ndikubwereza. Usakasakanize zigoba. Uzitembenuza chilichonse n'kuwerenga kumatako kwake. Za kampani imodzi zizikhala pazokha, zina pazokha, ndipo zakale zimene zadzazidwa kambirimbiri zisalowe m'gulu la zatsopano. Bokosi lililonse ulilembe pachivundikiro zimene zili m'katimo. Zigoba zachilendo zikabwera, muyeso wake uyambidwe mwatsopano monga buku likunenera, ndipo zikayesedwe masana dzuwa likuswa mtengo, osati m'mawa mokha. Zipolopolo zopita ku njati uzizilowetsa mumfuti chimodzichimodzi n'kuzitulutsa, pamalo oyenera, mwini mfuti ali pomwepo, kuti muone ngati zikuyenda bwino. Ndipo usazisiye padzuwa kutsogolo kwa galimoto. Kuno ndikatuluka pakhonde masana n'kugwira chitsulo cha m'mbali, chimandiwotcha, ndipo nthawi zonse maganizo amathamangira ku mfuti ija.

Alendo adzakupatsa zinthu, mipeni, zipewa, zigoba, nthawi zina wonga wotsala. Uzilandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Koma zolowa mumfuti uzikazipereka kwa mwini kampu, zikhale padera mpaka ziyesedwe. Adzakufulumizitsanso, chifukwa masiku awo amakhala owerengeka ndipo achokera kutali. Kuuza munthu wamkulu kuti adikire n'kovuta, ine ndikudziwa, ndimakhala m'nyumba imene mawu oti yalla amamveka kuyambira m'mawa. Pa ntchito yanga ndikafulumira, choipa chimene chingachitike ndi malaya osasitidwa bwino. Pa ntchito yako si choncho. Unene mofatsa kuti sizinakonzeke. Akakwiya, akwiye.

Zotsatira zake ukuzidziwa chifukwa unakuliramo. Bambo ako anatuluka m'chipatala akuyenda, koma osati kuyenda kwa wolondola nyama. Tinabwerera kwathu ku Mchinji, iwo n'kuyamba dimba. Munthu amene ankadziwa kuti apa padutsa mkango dzulo madzulo, anakhala wothirira tomato ndi kheni, akukoka mwendo. Sanadandaulepo. A Sakala ankabwera kudzationa chaka chilichonse mpaka pamene anamwalira, ndipo awiriwo ankakhala pansi pa mtengo wa mango osalankhula zambiri. Ine ndinayamba ntchito za m'nyumba ku Lilongwe, kenako ndinapezeka kuno. Ndalera ana a eni kuyambira ali m'matewera mpaka pano akupita kusukulu okha, pamene Tadala anatha msinkhu ine kulibe, ndipo iwe unayamba kumeta ndevu ndikukuonera pafoni. Sindikunena izi kuti umve chisoni. Ndikungofuna udziwe kutalika kwa njira imene chigoba chimodzi chinatiyendetsa.

Utandiuza kuti akuitana kukampu, ndinafuna kukaniza. Ndinalira m'kachipinda kanga ka kuseri kwa khitchini, pafupi ndi makina ochapira, kuti ana asandimve. Lamulungu lake nditatuluka m'tchalitchi ndinauza mnzanga amake Chanda, mayi wa ku Zambia amene amagwira ntchito ku Marina. Tinali mu sitima ya Metro, titaimirira chifukwa munali modzaza. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Imwe amake Yankho, musiyeni mwana ayende. Mukamukaniza azayenda chabe, koma azayenda osalaila." Kulaila ndiko kutsanzika m'kalankhulidwe ka kwawo. Madzulo ake ndinaimbira bambo ako, ndikuyembekeza kuti iwo ndiye akaniza. Koma anati, "Mnyamatayo ali ndi maso. Apite." Ndiye khalas, monga amanenera kuno nkhani ikatha. Ndavomera. Koma kuvomera kwanga ndi kalata ino, uyenera kuiwerenga yonse.

Amake Chanda nawonso anapita ndi mabwana awo kutchuthi, ndiye masabata ano ndikatuluka m'tchalitchi ndimangobwerera. Nthawi zina ndimalowa mu molo, chinyumba chachikulu cha masitolo, kuti ndingokhala pakati pa anthu. Ndimakhala pabenchi n'kumaona mabanja akudutsa, osamva chilankhulo chilichonse chimene ndikuchidziwa, kenako ndimabwera kudzapatsa mphaka chakudya. Ndikukuuza izi chifukwa nawenso ukakumana nazo. Kukampu kumakoma alendo akakhalapo, koma akachoka kumakhala masiku oti sumva galimoto, netiweki mpaka ukwere pachulu, ndipo anzako onse ndi akuluakulu amene ali ndi nkhani zawo. Masiku amenewo ndi amene anyamata amayamba mowa wa m'midzi yapafupi, ena kutenga akazi a eni. Kusungulumwa sikupha, mwana wanga, ine ndine mboni. Kumapweteka madzulo, m'mawa kumachepa. Upeze chochita ndi manja, uchape zovala zako, upemphere, ukhale pafupi ndi olondola mapazi achikulire n'kumamvetsera. Koma tsiku limene mtima wako uli kutali kwambiri, kapena sunagone, kapena wakwiya, usakhale patebulo la wonga. Upemphe ntchito ina, ngakhale yosesa.

Akuluakulu amenewo uziwalemekeza. Ena mwa iwo anayenda ndi bambo ako, ndipo akakuyang'ana adzaona nkhope yawo. Usakadzitame kuti unapita kusukulu, ndiponso usakachite manyazi kufunsa. Akamadzapita kutchire ndi zipolopolo zimene wadzaza iwe, uzidziwa kuti amene ali patsogolo alibe mfuti, ali ndi kandodo chabe. Iyeyo amadalira mlenje, ndipo mlenje amadalira zimene iwe unachita uli wekha m'chipinda, popanda wokuona. Sadzakuthokoza, chifukwa chipolopolo chabwino palibe amene amachikumbukira. Usadandaule nazo.

Uzigona m'neti masiku onse, malungo a kuchigwa si ofanana ndi a kwathu. Mutu ukayamba kuwawa usadikire. Madzi uzimwa ngakhale ulibe ludzu. Tadala uzimuimbira, amadzionetsa wolimba koma akukusowa kale usanachoke. Ine usandidere nkhawa. Kontrakiti ikatha, inshallah, Mulungu akalola, ndibwera, ndipo ngati nyengo ya alenje idzakhale isanatseke ndidzapempha kuti ndidzafike kukampu. Ndikufuna kudzaona tebulo lako, ndione ngati pali chitini chimodzi.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndikutumiziranso padera pafoni kuti uchione usananyamuke. Mlungu wathawu bambo ako anandiimbira okha. Iwe ukudziwa kuti saimba, amadikira kuti ndiimbe ine. Ndinachita mantha, ndinayesa kwagwa maliro. Koma anangofunsa kuti, "Kodi mnyamatayu amavala nsapato saizi yanji?" Nditawauza anati, "Zikhala zazikulu pang'ono," n'kudula. Tadala wandiuza kuti anatsitsa jombo zawo zakutchire zimene zakhala kudenga zaka zonsezi, anakazisoketsa kumsika, ndipo akhala akuzipaka mafuta kuseri kwa nyumba pamene iwe kulibe. Mawa sakuperekeza kudepoti, anena kuti kudimba kuli ntchito. Usakhumudwe, ndipo usadikire kuti akuitane. Udzuke msanga, upite kudimba komweko ukawatsanzike. Akakupatsa jombozo usanene kuti zakula, usanenenso kuti kukampu akakupatsa zatsopano. Uvale masokosi awiri, uzimange pomwepo iwo akuona, ndipo uyende nazo mpaka kumsewu.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga. Ukafika undidziwitse.

Ndine mayi ako,
Nabanda